Chigoba Chosauma

Akulu anga ndi amuna awo, alamu anga, sagwirizana pa nkhaniyi mpaka lero. Akulu anga amati mayi uja anayankhula chiyankhulo chathu, chomveka ngati cha munthu wobadwira kuseri kwa nyumba yathu. Alamu amati ankangong'ung'udza zosamveka, monga achitira wamisala aliyense wam'tauni. Ndinawamvera onse, aliyense payekha, ndipo palibe amene ndingamutche wabodza. Akulu anga ndi namwino, anazolowera kuona mitembo, sachita mantha wamba. Alamu ndi injiniya, munthu wosathira mchere pa nkhani.

Anali pa ulendo wokaona amayi awo a alamu, amene anali kayakaya m'chipatala. Madokotala anali atanena kuti wofuna kuwapeza amoyo afulumire. Ndege yoyamba inawatula madzulo mumzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Yachiwiri inali yam'mawa. Anali ndi mwana wawo wamkazi, wa sukulu yamkaka.

Maganizo otuluka anali a alamu.

"Tigone pamipando yachitsuloyi ngati katundu wosowa mwini? Tiyeni mwana akaone nyanja, nanenso mtima utsikeko."

Anasungitsa masutikesi n'kukwera takisi. Anafika dzuwa litalowa kale, ogulitsa malonda akulongedza. Dalaivala anati awadikira, koma m'galimoto sanatsike. Mwana anathamangira mafunde, akamufika kumapazi n'kuthawa akukuwa ndi chimwemwe. Potembenuka, makolowo anangoona kuti gombe lonse latsala lawo.

Kenako anamuona. Mayi wachikulire, ali chilili m'madzi olekeza m'mawondo. Anavala ngati wapaulendo: jekete, nsapato zotseka, chikwama paphewa. Pachikwamapo panali kapepala kaja amamata kubwalo la ndege, kofwifwa. Pa zimenezi onse awiri amagwirizana.

Anavuuka pang'onopang'ono, madzi akuchucha m'manja mwa jekete.

"Mukukwera yam'mawa?" Akulu anga amati anamva choncho. "Ine yanga inandisiya."

Mayiyo anagwada n'kutambasulira mwana dzanja. M'dzanjamo munali chigoba cha nkhono yam'nyanja, choyera, chopiringizika. Mwana anabisala kuseri kwa siketi ya amayi ake. Akulu anga anachita manyazi, monga tikanachitira tonse oleredwa m'nyumba imodzi ija.

"Iwe, wamkulu akamakupatsa chinthu umatero? Landira ndi manja awiri."

Mwana analandira. Anathokoza.

"Walandira yekha," anatero mayiyo, n'kubwerera m'madzi chafutambuyo.

M'takisi, dalaivala ataona chigobacho pagalasi anazimitsa wailesi. Anaponda mafuta kubwerera kubwalo la ndege.

Bwalo la ndege linali litazizira. Mashopu atatsitsa zitseko zazitsulo, apaulendo apo ndi apo atadzipinda pamabenchi. Chigoba chinkadontha. Akulu anga anachikulunga m'tishu, tishu inanyowa. Anachikulunga m'kathaulo, nako kananyowa mpaka kofinya. Alamu amati zigoba zopiringizika zimasunga madzi m'kati, ndipo n'zoona, ndinafufuza. Koma kathaulo konse?

Mwana anachiika kukhutu.

"Eya," anatero. Anamvetseranso. "Ayi, adadi sangalole."

"Ukuyankhula ndi ndani?"

"Azakhali aja. Akuti mundege andikhazika pamiyendo."

Alamu anaseka, koma akulu anga amati kuseka kwake kunali kwa mano okha. Anamulanda chigobacho n'kukachitaya m'bini yakutali, pafupi ndi zimbudzi. Mwana sanalire. Anangogona.

Akulu anga anadzidzimuka pakati pa usiku ndi phokoso la ndowa. Mayi wokolopa ankapukuta mzere wa madzi wochokera kuzitseko zagalasi, wolunjika pabenchi yawo. Akapukuta n'kutembenuka, pansi panyowanso. Atafika pafupi anayang'ana mwana, anayang'ana akulu anga, n'kunyamula ndowa yake ulendo, ntchito osaimaliza.

Tsitsi la mwana linali chinyontho. Atamupsompsona pachipumi, milomo inawawa mchere. M'nkhonya mwake munali chigoba.

Apa m'pamene amakanganirana kwambiri. Alamu amati thukuta la mwana wotentha thupi limawawanso mchere, mapaipi amadontha kulikonse, ndipo mwana anadzuka iwo ali m'tulo n'kukatola chidole chake m'bini. Zonsezi n'zotheka. Akulu anga amangoyankha chimodzi: pansi ponse panali madzi, koma masokosi a mwana anali ouma.

Kutacha anakaima pamzere. Mtsikana wapakauntala anafunsa funso lija amafunsa aliyense, maso ali pakompyuta.

"Pali wina amene wakupatsani kanthu kuti mumunyamulire?"

"Ayi," anatero alamu.

"Eya," anatero mwana.

Akulu anga anakoka amuna awo pambali.

"Bambo a mwana, ndi chinthu ichi sitikwera."

"Tichisiye m'bini basi."

"Munachisiya kale. Chinachokera m'madzi, chibwerere m'madzi. Ndipo wolandira ndi amene abweze."

"Amayi anga akutsirizika, inu mukundiuza za nkhono? Mdzukulu wawo ndi mmodzi yemweyu. Akhala akumuitana sabata yonse."

"Ndikudziwa."

"Ndege sidikira munthu."

"Nazonso ndikudziwa."

Ine ndaganizapo kambirimbiri. Alamu sankapempha chachilendo: kuti mayi wawo aone mdzukulu asanatseke maso. Ndipo pali funso limene amafunsa, limene akulu anga alibe yankho lake: ngati mayi uja analidi chimene iwo amati anali, kunali kwanzeru kubwerera naye mwana kumadzi komweko? Koma akulu anga nawo amafunsa lawo. Mumlengalenga, zitseko zitatsekedwa, pansi pali nyanja yokhayokha, akanathawira naye kuti?

Chimkuzamawu chinaitana komaliza. Alamu anatenga tikiti yawo yokha, anagwira mwana pamutu, n'kulowa osacheuka. Akulu anga anabereka mwana kumbuyo ndi nsalu ngati khanda, ngakhale anali wamkulu woyenda yekha, n'kulunjika kokwerera matakisi.

Pakhomo, mwana anawanong'oneza kukhutu.

"Amama, akuti tifulumire. Akutidikira."

Akulu anga anaima. Kumbuyo kwawo zitseko zagalasi zinkatseguka ndi kutsekeka, popanda wodutsa. Anamangitsa nsalu ija pachifuwa, mfundo ziwiri, n'kukweza dzanja kuimitsa takisi.