Waya Wotsikira Kudambo

Kwathu ku Vubwi, mukafuna kuyambanitsa anthu, ingotchulani dzina la a Josephat Daka. Ena amati ndi munthu wa Mulungu, ena amangolavula malovu nkusintha nkhani. Ine ndinena zomwe ndinamva.

Mkuluyu anakalambira pa matelefoni. Anayamba ndi kukwera mapolo mumsewu wa Katete ndi Sinda, nthawi ija mawu ankayenda m'waya. Kenako anapita ku Lusaka, ku ofesi yoika malamulo a zamafoni. Imvi zitamera, makampani ankachita kuwalimbirana kuti awalangize poimika nsanja za netiweki. Ngakhale nsanja ya pakaphiri ka kumudzi kwawo, malo ake anasankha ndi iwo. Atapuma ntchito, amisiri a ku Katete ankangowasiyira kiyi wa nsanjayo, poti ndani angakonde kulimbana ndi matope a kuno chifukwa cha swichi imodzi?

Tsikulo linada ngati masiku onse a dzinja. Mvula inayamba nkhuku zikulowa. Mwana wawo Queen, amene anabwera kudzadikirira kwa amake ali woyembekezera, anali pakhonde akusadzula nkhwani. Masiku ake anali asanakwane. Anangoponya mbale pansi, nagwira m'chiuno.

Amake, a Adelina, anamulowetsa m'nyumba. Posakhalitsa anatuluka, chitenje chili magazi okhaokha.

"Bambo a Queen, imbani kuchipatala. Izi zatikulira."

Foni inalibe ngakhale kamzere kamodzi. Netiweki ya ku Malawi, imene imalowerera kuno ngati mlendo wosaitanidwa, tsiku limenelo nayo inakana. A Daka anayang'ana kukaphiri. Getsi lofiira la pamwamba pa nsanja linali lozima.

Munthu amene anathera moyo wake kulumikiza anthu a dziko lonse analephera kuitanira mwana wake galimoto imodzi. Mtima unawawawa koopsa. Anatola tochi ndi kiyi, nathamanga ngati si nkhalamba.

Kunsanja mlonda kunalibe. Mabatire anali odzaza, maswichi onse ali m'malo mwake, koma makina ali zii. Kagetsi kamodzi kokha kankaphethira, kosonyeza kuti waya wa mphenzi waduka. Nsanja iliyonse imakhala ndi waya wokhuthala wa kopa wotsitsira mphenzi m'nthaka, ndipo makina a pamenepo sayaka ukaduka. Lamulo limenelo analemba nawo okha ku Lusaka, ndipo ankalinyadira. Usiku umenewo analitukwana.

Pakaphiripo ndi pamiyala. Ndiye pomanga nsanjayo, a Daka analamula kuti wayawo autsitse mpaka kudambo, kuseri kwa mabango, pomwe dothi limanyowa ngakhale m'chilimwe, poti dothi lonyowa ndilo limamwa bwino mphenzi. Pamenepo anakhomerapo zitsulo zawo. Azimayi ochokera kumadzi ankaima patali nkumayang'ana. A Daka ankati akudabwa chitukuko.

Anautsatira wayawo akuterereka m'matope. Atayandikira mabango, achule onse anatonthola nthawi imodzi. M'malo mwake kunamveka kukumba. Pang'onopang'ono, mosathamanga.

Anaunika. Azimayi angapo anali atagwada, mitu atafunda nsalu, misana ataloza kwa iwo. Ankakumba ndi manja. Mvula inali kuwakhuthukira, koma nsalu zawozo zinali zouma.

Waya unali pafupi ndi mapazi awo, wodulidwa ngati ndi khasu.

"Zikomo kumeneko, azimayi," anatero a Daka.

Kukumba sikunaleke. Wamkulu wawo anayankha osatembenuka.

"Amuna safika kuno."

"Pepani amayi. Kunyumba kwavuta. Ndingolumikiza wayayu, ndizipita."

"Zitsulo zanuzi zimabaya ana athu. Mphenzi ikagwa, amadzuka onse. Tatopa nako kuwatonthoza."

 Apa mpomwe a Daka anazindikira kuti pamenepo ndi pa nthayo, pomwe azimayi aakulu amakaika ana obadwa atafa kale, mwakachetechete, popanda kulira maliro, osauza mwamuna aliyense. Azimayi amafuna dothi lonyowa. A Daka nawonso ndi zida zawo zopimira anafuna dothi lonyowa, nalipeza pomwepo.

Kuthawa anafuna, koma anaona chitenje cha magazi chija m'maso mwawo. Anagwada m'matope, mkulu wolemekezeka amene ankayankhula pamisonkhano ya ku Lusaka, naomba m'manja ngati wopalamula.

"Mawa ndidzazula zonse ndi manja angawa. Lero lokha, chonde. Mwana wanga akufa."

"Mwana wanu uti?"

"Queen. Mwana wanga Queen."

"Mwatchula mmodzi," anatero mayiyo, napitiriza kukumba.

A Daka sanaganize kawiri. Anagwira nsonga ziwiri za waya, nazikoka. Zinangokhudzana pang'ono, zosakwana kupota kapena kumanga. Akasiya, zinkathawana. Anazipana ndi dzanja limodzi, ndipo pakaphiri getsi lofiira linayaka.

Ndi dzanja linalo anaimba kuchipatala. Foni isanaitane, munamveka kulira kwa makanda ambiri, kutali, ngati pansi pa chitsime. Kenako nesi anayankha.

Ambulansi inalipo, koma mtsinje unali utadzaza, ndiye inayenera kudikira kuti madzi aphwe. Nesiyo anati aimbira a Adelina, aziwauza chochita kuti magazi achepe.

"Koma netiweki isachokenso, bambo. Ikachoka, tamutaya."

Foni inawapulumuka nkugwera m'matope. Anagwira waya ndi manja onse awiri.

Inu, kugwira waya wa mphenzi mvula ikugunda ndi kudzipha. A Daka anachotsapo anthu ntchito chifukwa cha zimenezi. Kukang'anima, ankatsinzina nkudikira imfa, koma osasiya. Tochi inafiira, nkuzima. Zala zinachita dzanzi, msana unayaka moto. Anayamba Atate Wathu, koma mawu ankasokonekera, nkumangobwerera pa dzina la Queen.

Kukumba kuja kunasendera pafupi. Kunali pambali pa bondo lawo lenileni. Dothi lozizira linkawagwera pamiyendo, ndipo wina ankapuma pafupi ndi khutu lawo. Sanacheuke. Maso anali pa getsi lofiira basi, akulira ngati mwana.

Tambala atalira, anaona magetsi a galimoto akulowa m'mudzi. Patapita nthawi anawaona akutuluka. Anafuna kusiya waya, koma zala zinakana kutseguka.

Kunja kutayera, mvula itakata, kunamveka mapazi m'mabango. Ulendo uno anali azimayi a m'mudzi, amoyo, owadziwa. Patsogolo panali a Adelina, atanyamula kanthu kakang'ono kokulungidwa m'chitenje.

Onse anaima. Wina anagwira pakamwa.

A Daka anali chigwadire, matope mpaka m'zigongono. Azimayi a usiku aja kunalibe, ngakhale phazi lawo. Pambali pa bondo lawo panali kadzenje kosaya, kosalazidwa bwino ndi manja, kouma m'kati ngakhale mvula inagwa usiku wonse.

"Queen?" anafunsa, mawu atasasa.

"Ali moyo. Ambulansi yamutenga."

A Adelina anayang'ana kadzenjeko. Anayang'ana manja a amuna awo. Anafumbatira kamtolo kaja pachifuwa, nabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Bambo a Queen, mwanayu wabadwa atafa kale, kutatsala pang'ono kucha, ndipo palibe amene anabwera kudzakuuzani. Inu munadziwa bwanji kuti mukumbe?"