Anagulitsa Kayendedwe ka Bambo Ake

Panyumba pa bambo wina wa ukalipentala panali mtendere ndi mapemphero. Mwana wawo wamwamuna ankakonda kupeka nkhani, moti anzake anangomutcha Mlembi. Bambowo atadwala matenda ofa ziwalo n'kuyamba kukoka mwendo, anapatsa mwanayo tebulo lomaliza limene anakhoma ndi manja awo, kuti azilemberapo.

Kenako kunabwera mkulu wina wojambula mafilimu, wa pakamwa potsekemera.

"Aise, nkhani zako n'zozizira," anatero uku akumutsanulira mowa. "Ponya kaye kamodzi, mutu utseguke. Kwanu kulibe zoseketsa?"

Mutu unatsegukadi, nzeru n'kuthawiramo. Mlembi anayamba kubwera kunyumba akununkha, n'kumakhala pakhonde kuyang'anitsitsa bambo ake: mmene ankakokera mwendo, mmene supuni inkawapulumukira.

"Mwanawe, maso amenewo si achisoni," anatero mayi ake. "Ukuwayang'ana bambo ako ngati katundu wa pamsika. Siya mowa, ndipo za m'nyumba muno zisatuluke."

"Amayi, zaluso simungazimvetse."

Ati zaluso! Mwana wopanda manyaziyu analemba zonse, wojambula uja n'kupanga nazo filimu, ndipo tsiku loonetsa filimuyo anaitana makolo ake n'kuwakhazika kutsogolo. Bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi, akunyadira mwana.

Pakanema panatulukira nkhalamba yokoka mwendo, malovu ali chuchuchu, ikulimbana ndi supuni. Anthu m'holo monse anafa nacho chiseko. Bambo anaimirira mwakachetechete kuti azipita, koma njira yotulukira inadutsa pakati pa anthuwo.

"Taonani, ndi omwewa!" wina anakuwa. Ena anayamba kuwajambula pafoni.

Mowa unamuthera m'mutu pomwepo Mlembi. Anathamangira kwa wojambula uja kuti filimuyo aichotse.

"Yafika kale m'mafoni a anthu," anayankha akuseka. "Ulembenso ya mayi ako."

Lero Mlembi mowa anasiya. Ndiye amene amawasambitsa bambo ake, kuwameta ndi kuwadyetsa. Tsiku limene anagwada kupepesa, iwo anamugwira pamutu n'kunena movutikira kuti, "Ndakukhululukira, mwana wanga." Koma ana a mumsewu amatsanzira kayendedwe kawo, ndipo munthu amene ankapita yekha kutchalitchi ndi ndodo yake satulukanso pageti.

Achinyamata, luso lodyera ulemu wa makolo ndi tchimo, ngakhale anthu aliombere m'manja. Mulungu amakhululuka, kholo limakhululuka, koma chimene mwachionetsa kudziko simungachibwezerenso m'nyumba.