Kamphepo Alondera Ndowa ya Madzi

Kunyumba amamutchula kuti Kamphepo. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Akatumidwa, amathamanga. Akaitanidwa, amathamanga. Ngakhale popita kukagona, amathamanga.

Kamphepo ali ndi mlongo wake wamng'ono. Mlongo wakeyo ali ndi zaka ziwiri. Onse amamutchula kuti Bwana, chifukwa amakonda kulamula. "Ndinyamuleni," amatero. "Nditsitseni," amateronso.

Tsiku lina Bwana sanalamule aliyense. Anangogona pamphasa. Ankatsekula m'mimba. Aka kanali kachitatu chaka chimenecho. Milomo yake inauma. Maso ake analowa m'kati.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Bwana achire, asadwalenso.

Amayi anabereka Bwana kumsana. Kamphepo ananyamula ambulera. Anapita kuchipatala. Tsiku limenelo Kamphepo sanathamange.

Anamwino anamuika Bwana pa sikelo. Anamuyang'ana m'kamwa. Anamuyang'ana m'maso.

"Madzi achepa m'thupi mwake," anatero anamwino. "Mwachita bwino kubwera msanga, mayi."

Anapereka timapaketi ta ufa wa mchere ndi shuga. Anaperekanso timapiritsi.

"Ufawu muzisungunula m'madzi owiritsa," anatero. "Muzimumwetsa pang'onopang'ono. Musasiye kumuyamwitsa. Musasiye kumudyetsa. Kodi madzi mumatunga kuti?"

"Pa mjigo," anayankha amayi.

"Chimbudzi muli nacho?"

"Tili nacho."

Kamphepo anakweza mkono ngati ali m'kalasi. Anamwino anamwetulira.

"Funsa, mwanawe."

"Madzi a pa mjigo ndi abwino," anatero Kamphepo. "Nanga Bwana akudwala bwanji?"

"Pa mjigo amatulukadi abwino," anayankha anamwino. "Koma kuchoka pa mjigo kufika pakamwa pali ulendo. Pa ulendo umenewo tizilombo timalowa m'madzi."

"Tizilombo totani?"

"Tating'ono kwambiri. Sitioneka ndi maso. Timachokera m'zonyansa za anthu ndi za ziweto. Timakwera pa zala. Timakwera pa ntchentche. Timakwera pa chilichonse chosatsuka."

Kamphepo anaganizira zimenezi njira yonse yobwerera kunyumba.

Tsiku lotsatira linali Loweruka. Kunalibe sukulu. M'mawa amayi anatunga madzi pa mjigo. Anaika ndowa pakhonde, pafupi ndi chitseko. M'ndowamo munkayandama kapu yobiriwira. Aliyense ankamwera kapu imeneyo.

Kamphepo anatenga kampando. Anakhala pafupi ndi ndowa. Anapinda manja.

Abambo anadutsa ndi hamala m'manja. Iwo ndi mmisiri wa malata. Amakhoma ndowa, mabeseni ndi zothirira mbewu.

"Kamphepo wakhala pansi?" anafunsa abambo. "Kodi nayenso wadwala?"

"Sindikudwala, ababa. Ndikulondera ndowa."

"Ikufuna kuthawa?"

"Ayi. Ndikudikira tizilombo."

Abambo anaseka, napita pansi pa mtengo pomwe amagwirira ntchito. Kho, kho, kho, inayamba kulira hamala.

Kamphepo anadikira.

Poyamba kunabwera amalume. Ankachokera kumunda, komwe ankathira manyowa. Anali ndi ludzu. Anapisa mkono m'ndowa. Zala zawo zinamira m'madzi. Anamwa, nabweza kapu m'ndowa momwemo.

Kamphepo anaona. Anapinda chala chimodzi.

Kenako kunabwera nkhuku yofiira. Inkachokera kudzala. Inalumphira pamlomo pa ndowa. Inamwa, nkuyang'ana kumwamba. Inamwanso.

"Choka apa," anatero Kamphepo. Anapinda chala chachiwiri.

Masana amayi anatunga madzi ndi kapu. Bwana analira m'nyumba. Amayi anasiya kapu pansi, nathamangira m'nyumbamo. Galu anabwera. Ananunkhiza kapu. Anainyambita. Atatuluka, amayi anatola kapu ija. Anaikutumula kamodzi, naiponya m'ndowa.

Kamphepo anapinda chala chachitatu.

Kenako Kamphepo anafuna kupita kuchimbudzi. Anathamanga popita. Anathamanga pobwera. Dzuwa linali litatentha. Kukhosi kunauma. Anapisa mkono m'ndowa, natenga kapu.

Anaima. Anayang'ana dzanja lake. Linali lonyowa mpaka pachikhatho. Sanasambe m'manja.

Kamphepo sanamwe. Anapinda chala chachinayi. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Amayi anamupeza atazyolika.

"Chavuta n'chiyani, mwana wanga?"

"Amayi, kodi ndine ndamudwalitsa Bwana?"

Amayi anakhala pansi. Anamukweza pamiyendo pawo.

"Tandiuza zonse," anatero.

Kamphepo anaonetsa zala zinayi. Ananena za amalume. Ananena za nkhuku. Ananena za iye mwini. Chala chimodzi anachisiya.

"Nanga ichi?" anafunsa amayi.

Kamphepo anayang'ana pansi. "Ichi ndi chanu, amayi. Galu ananyambita kapu. Inu simunaone."

Amayi anagwira pakamwa. Kenako anamusisita Kamphepo kumutu.

"Si iwe wekha ayi," anatero. "Tonse tinkapisa manja m'menemu. Tonse tikonza. Pita ukaitane abambo ako."

Apa Kamphepo anathamanga.

Abambo anabwera. Amalume nawonso anabwera. Onse anaima mozungulira ndowa. Kamphepo anawerenganso zala zake zinayi.

Amalume anayang'ana zikhadabo zawo. Munali dothi lakuda. Anabisa manja kumbuyo.

"Bambo a Kamphepo," anatero amayi, "mwezi uno mwakhoma zivundikiro zingati?"

"Khumi ndi ziwiri," anayankha abambo monyadira.

"Nanga cha ndowa yathuyi chili kuti?"

Abambo anakanda m'mutu. Anatsokomola. Amalume anaseka mpaka anagwira pamimba.

"Musaseke, alamu," anatero abambo. "Chala choyamba chija ndi chanu."

Amayi anathira madzi onse aja pa mtengo wa malalanje. Anatsuka ndowa ndi sopo. Anatsukanso kapu. Anatunga madzi ena. Madzi oti Bwana amwe anawawiritsa, nawasiya kuti azizire.

Abambo anayeza pakamwa pa ndowa ndi chingwe. Anadula lata lozungulira. Kho, kho, kho. Anapinda m'mphepete kuti lisacheke munthu. Kho, kho, kho. Chivundikiro chinakwana ndendende.

"Ababa, nanga kapu?" anafunsa Kamphepo. "Zala zizimirabe m'madzi."

"Ndiye titani?"

"Muiikire mchira wautali."

Abambo anakhoma kapu yatsopano. Inali ndi chogwirira chachitali ngati mkono wa Kamphepo. Anakhomanso msomali kukhoma. Kamphepo anapachika kapu ija pamwamba. Galu anayang'ana, koma sakanaifikira.

"Iyi ndi yotungira basi," anatero amayi. "Yomwera aliyense akhala ndi yake."

Amalume sanafune kutsala. Anadula mitengo iwiri ya mphanda. Anaizika pafupi ndi chimbudzi. Anapingasa mtengo wina pamwamba. Anapachikapo kachigubu. Anakaboola ndi msomali. Anamanga chingwe kuchokera pa kachigubu kufika pa ndodo ya pansi.

"N'chiyani chimenechi, amalume?"

"Ndi mpondagiya. Thiramo madzi, kenako uponde ndodoyo."

Kamphepo anathira madzi. Anaponda ndodo. Kachigubu kanawerama. Madzi anatuluka, tsolololo. Anachotsa phazi. Madzi anasiya.

Anapondanso. Anachotsanso. Anapondanso.

"Umaliza madzi iwe," anatero amayi, uku akuseka. Anaboola sopo pakati, namumangirira ndi chingwe pambali pake.

Abambo anadula kachidutswa kena ka lata. Anakakhomera pa ndodo yaitali. Ichi chinali chotsekera pa dzenje la chimbudzi. Ntchentche zinasowa polowera.

Bwana ankamwa madzi ake a mankhwala. Kamphepo ankamumwetsa ndi supuni. Supuni imodzi, kupuma. Supuni ina, kupuma. Asanamumwetse, ankasamba m'manja ndi sopo.

Tsiku lachiwiri Bwana anakhala tsonga. Tsiku lachitatu anadya nthochi yonse. Tsiku lachisanu anatuluka panja yekha.

Mwezi unatha. Mwezi wina unathanso. Mvula inagwa, udzu unamera. Bwana sanatsekulenso m'mimba. Masaya ake anabwerera.

Amayi a nyumba yoyandikana nayo anaona kapu ya mchira. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Ndani anaganiza zimenezi?" anafunsa.

"Mlonda wa ndowa," anayankha abambo, akuloza Kamphepo.

Sabata imeneyo abambo anakhoma makapu a mchira asanu ndi atatu.

Tsiku lina masana amayi anaitana kuti chakudya chapsa. Onse anaima pamzere pa mpondagiya. Amayi anasamba. Amalume anasamba, natsuka ndi m'zikhadabo momwe. Kamphepo anasamba. Anamusambitsanso Bwana, chala chimodzichimodzi.

Abambo anali omaliza. Anawerama kuti amange chingwe cha nsapato. Mutu wawo unali pansi pa kachigubu.

Bwana anayang'ana ndodo. Anayang'ana abambo. Anakweza phazi lake laling'ono, naponda.

Tsolololo. Madzi anathira abambo pamutu. Anatsikira m'khosi. Analowa m'malaya.

Abambo anadzuka pang'onopang'ono. Madzi ankadontha pamphuno pawo. Bwana anaomba m'manja.

"Ndimati m'manja mokha," anatero abambo. "Koma poti mwayamba kale, a Bwana, patseni ndi sopoyo."

Kamphepo anaseka mpaka anakhala pansi. Amayi anabweretsa thaulo. Abambo ananyamula Bwana paphewa, ndipo onse analowa kukadya.