Mwaye pa Mphika Watsopano

Kutatsala masiku awiri kuti Chaka Chatsopano cha kwawo ku Sri Lanka chifike, Kusumalatha anapeza mafuwa a kuseri kwa kachisi wa Chibuda ali ofunda. Palibe amene anali atakoleza moto m'mawa umenewo, koma phulusa linali lotentha, ndipo fungo la mkaka wopserera linali litakakamira pansi pa mtengo wopatulika.

Zinamunyansa kuposa kumuopsa. Ntchito yowiritsa mkaka wa chaka inali yake: mumphika wadothi wosalawapo moto, mkaka usefukire pa mphindi yeniyeni imene olosera za nyenyezi atchula. Mayi Seelawathi anaigwira zaka makumi awiri mu Dar es Salaam muno osaphonyako, mpaka imfa inawalanda chikombe. Chaka chatha, Kusumalatha atangoilandira, mkaka unachedwa ndi mphindi zinayi. Zinayi zokha! Koma chaka chonse, mwana akalephera mayeso, chitupa cha ntchito chikakanidwa, ngakhale dzino likawawa, maso ankagwera pa iye. Chaka chino ankafuna chinthu chimodzi basi: anthu anene ndi pakamwa pawo kuti Kusuma amatha. Mphika anachita kuunyamula pamiyendo m'ndege kuchokera ku Sri Lanka, kuukulunga m'nsalu, kuutsekera m'kabati ya m'khitchini ya pakachisi, kiyi n'kumangirira m'khosi.

Madzulo amayi akukazinga zitumbuwa za mpunga, Dayawathi, mkazi amene sasunga mawu, anatsitsa liwu.

"Achemwali, mlonda akuti usiku amamva munthu akuuzira moto kuseriku. Fuu, fuu. Mukukumbuka mmene malemu ankauzirira?"

"Tembenuzani zitumbuwazo, zikupserera," anayankha Kusumalatha.

"Ine ndangonena. Paja anati akadzamwalira iwo mkaka sudzatimveranso."

M'mawa mwake mafuwa anali ofundanso. Amayi awiri anadwala mutu wadzidzidzi, wachitatu n'kufunsa ngati sikungakhale bwino kupatsa wina ntchitoyo. Mmonke, mtsogoleri wa mapemphero pakachisipo, anangomwetulira, nati amoyo ndi akufa onse amafunika chifundo. Kusumalatha anaweramitsa mutu mwaulemu, mumtima akuwira kuposa mkakawo.

Usiku womaliza anauza a kunyumba kuti akagona kwa Dayawathi, koma anayala mkeka m'khitchini ya pakachisi, msana atatsamira kabati. Magetsi anathima. Kunja masamba a mtengo wopatulika ankanong'onezana popanda mphepo, ndipo mdima unali wothithikana moti dzanja lake lomwe sankaliona. Anamva kachitsulo ka pachipata kakulira. Kenako mapazi okwakwaza pamchenga, pang'onopang'ono, kuima, kuyambanso. Nkhuni inathyoka. Ndiyeno mawu aja, pafupi penipeni ndi zenera: fuu... fuu...

Mkwiyo ndiwo unamudzutsa. Anatola chikombe chachitsulo n'kukankha chitseko.

Pamafuwa panali poto wake wa tiyi wa kunyumba. Pambali, atagwada, magalasi atatsikira kumphuno, foni ikuwerenga mphindi m'dzanja, anali Gamini, mwamuna wake.

"Bambo a Nimali!"

"Pepa, Kusuma, usakuwe," ananong'ona Gamini. "Ndikuyesa nkhunizi. Za mango zikutenga mphindi khumi ndi imodzi, makoko a kokonati zisanu ndi zitatu. Ndimafuna mawa usachitenso manyazi."

"Manyazi? Kachisi yense akuti kuno kukuyenda mzukwa, kani mzukwa wake ndi inu ndi mimba yanuyo! Mkaka wa ana umatha ndimvekere ndi wantchito!"

"Masiku awiri okha, dzulo ndi lero."

"Atatu."

"Awiri, mayi. Dzana ndinali ku Morogoro, unandilongedzera wekha chikwama."

Kusumalatha anachikumbukira chikwamacho. Analibe nthawi ya masamu a mwamuna. Anamulanda poto n'kumuthamangitsa.

Kutacha anthu anadzaza bwalo, onse m'zovala zoyera. Mmonke anakhala ndi wotchi m'manja. Kusumalatha anavula kiyi m'khosi, anatsegula kabati, n'kupeza mfundo ya nsalu ili mmene anaimangira yekha. Ataimasula, zala zinada bii. Kunsi kwa mphika kunali mwaye, m'kati munali nkhoko za mkaka, ndipo dothilo linali lofunda ngati tsaya la mwana wodwala.

Anasuzumira m'kabati. Mphika wina panalibe.

"Mayi Seelawathi," anatero chapansipansi, mano ali gwa, "munthu kumwalira, koma ntchito osasiyira anzanu?"

Anapukuta mwaye ndi nsonga ya chovala chake, anatsuka m'kati, n'kutuluka nawo atauphimba kunsi ndi manja. Anathira mkaka, anayatsa makoko a kokonati. Moto unanyala, utsi wokhawokha. Gamini anayang'ana foni n'kugwira mutu. Kusumalatha anawerama kuti auzire, koma asanakoke mpweya, pafupi ndi khutu lake panamveka fuu, ndipo malawi anadumpha.

Mmonke atangokweza dzanja, mkaka unakwera n'kusefukira mbali zonse, pa mphindi yake yeniyeni. Anthu anafuula, ng'oma inalira. Dayawathi anathamanga n'kumukumbatira, misozi ili mbwee.

"Achemwali, mwaona? Ndendende dzanja la Mayi Seelawathi!"