Funso Lomaliza la Kalembera

Kalembera anali atafufuta mutu wa kafukufuku wake kachitatu. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa ankalemba chilichonse, ngakhale nthabwala za aphunzitsi, koma tsiku limeneli nzeru zinamuthera. Anzake onse anali atasankha kale. Wina anatenga za mafoni ndi homuweki, wina za mpira wa atsikana.

"Bwanji ukungoyang'ana mpando uli ndi chikwama chakowo?" anafunsa aphunzitsi. "Mutu wako uli pamenepo?"

Unalidi pamenepo. Pampandopo pankakhala Mphenzi, mnzake wa ponda apa nane mpondepo, yemwe anasiya sukulu mayi ake atadwala. Kalembera ankamusowa koopsa, koma kukamuona ayi ndithu. Ankaopa kukasowa chonena, ndiye mawamawa uja anakwana miyezi inayi.

Analemba kuti: Chifukwa chiyani ophunzira ena sabwereranso m'kalasi?

"Mutu wabwino," anatero aphunzitsi. "Koma usafunse ali munowa. Akudziwa ndi amene anachoka."

Loweruka anapita kushopu ya utelala ya azakhali ake a Mphenzi. Makina ankalira, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi. Mphenzi anali pabenchi pakona, akusokerera mabatani pa yunifolomu ya mwana wina, yofanana ndendende ndi imene iye ankavala akali pasukulu.

"Kalembera ndi kaundula wake," anatero akuseka pang'ono. "Wabwera kudzandiwerenga?"

Kalembera anachita manyazi, n'kubisala kuseri kwa pepala lake. Anayamba kuwerenga mafunso monga anawalembera. "Muli ndi zaka zingati? Masana mumachita chiyani? Mumawerengabe mabuku?"

"Ndasanduka inu tsopano?" anatero Mphenzi. Komabe anayankha onse, maso ali pa singano. Anati kope lake la sayansi amaliwerengabe makasitomala akatha, kungoti limathera pa mutu wachitatu.

Kalembera anafika pa funso lomaliza. "Alipo wa kusukulu amene anabwera kudzakuonani?"

Mphenzi anadula ulusi ndi mano. "Lemba kuti mmodzi. Patatha miyezi inayi, ndipo anabwera ndi mafunso."

Cholembera chinakana kuyenda. Kalembera anapinda pepala lija, nakhala pabenchi pafupi ndi mnzakeyo.

"Ndinakusowa, mnzanga. Ndinalakwa. Mawa ndibwera ndi manotsi kuyambira mutu wachinayi, opanda funso ngakhale limodzi."

Mphenzi anasalaza kolala ya yunifolomu ija ndi chala, kenako anafunsa chapansipansi.

"Pampando wanga wa pawindo paja anakhazikapo wina?"

"Ayi. M'mawa uliwonse ndimaikapo chikwama kuti pasakhale munthu."

Mphenzi anatola batani lina m'chitini, koma analephera kulowetsa ulusi pa singano.

"Usachichotse," anatero.