Khadi la Kuchipatala la Abiba

Pa siteji ya ku Monkey Bay, ayufi anatsekereza khomo la basi. "Khadi la chipani, chemwali!"

Abiba, mwana wa a Mustapha osoka maukonde, anapisa m'chikwama mofulumira, n'kutulutsa khadi la kuchipatala. Ayufi anayamba kukalipa.

"Musiyeni, lachipani lagwa pansi, ili," anatero Macloud, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu.

M'basimo anakhala mpando umodzi. Ana inu, mwamuna wothandiza msanga muzimuyang'ana kawiri!

"Duwa lowala chonchi, ukudwala chiyani?" anafunsa Macloud.

Abiba sanabise. Anabadwa mtsempha waukulu wotuluka mumtima uli wopanikizika, magazi osafika bwino kumiyendo. Mapazi ankangozizira ngati chule. Ali wamng'ono amishoni anamutumiza kunja, madokotala anakamung'amba m'nthiti n'kuukuza mtsemphawo.

"Mwezi uliwonse ndimakayezetsa kuthamanga kwa magazi, mapiritsi sindidumphitsa. Adokotala anati ndikadzaima adzandisunga kuchipatala, ndipo ana ambiri ayi. Mukafuna kuthawa, thawani lero."

"Ndithawe ine? Mwana mmodzi kaya popanda, ndiwe wanga mpaka kumanda!"

Makalata anayamba kuyenda. "Shuga wa mu tiyi wanga," ankalemba Macloud, "tchuthi chikubwerachi amalume adzaonekera kwanu." Abiba anamupetera kampango koyera, nsomba ziwiri pakona.

Tchuthi chinabwera, chinatha. Amalume aja zii! Makalata atatu osayankhidwa. Kodi Macloud wadwala? Kodi amusamutsa?

Tsiku lake loyezetsa ku Mangochi, Abiba anamuona Macloud pakhonde la chipatala atanyamula dengu. Pambali pake panali mayi wa pakati potopa, akupukuta thukuta ndi kampango ka nsomba ziwiri. Abiba anawerenga miyezi pa zala. Mimbayo inali yakale kuposa chibwenzi chawo!

"Abambo, akukuyang'anitsitsaniyu ndani?" anafunsa mayiyo.

"Ndi... kamtsikana kodwala mtima. Ndinkangokamvera chisoni."

Abiba anawayandikira.

"Chisoni chanucho sungirani akazi anuwa, aphunzitsi. M'nthiti muno munalowa mpeni, koma ndikuyendabe. Mayi, kampangoko muzichapa ndi madzi ozizira, ulusi wake umasuluka. Ndinapeta ndine."

Analowa m'chipinda, anesi n'kumumanga lamba pamkono.

"Lero magazi akuthamanga, Abiba. Wakuputa ndani?"

"Palibe woti ndifere, anesi. Lembani tsiku la mwezi wamawa, ndibwera."