Kamera ya Katswiri

Koleji italengeza kuti maphunziro azichitikira pa intaneti, mtsikana wina, mwana wa atelala, anagwira njakata. Makina osokera ankawapalasa ngakhale atatsinzina, koma kompyuta anali asanaikhudzepo.

Tsiku loyeserera m'chipinda cha makompyuta, anangoyang'ana kachida ka chingwe kamene kanali pambali pa kompyuta, osadziwa pogwira.

"Achemwali, kameneko amati mbewa, koma sikaluma ayi," anatero mnyamata wa pambali pake, yemwe anzake ankamutcha Katswiri.

Mtsikana anaseka. Katswiri anamuphunzitsa kulowa m'kalasi, kuyatsa kamera ndi kutumiza ntchito kwa aphunzitsi. Posakhalitsa mauthenga a Katswiri anayamba kugwa pa foni ya mtsikanayo ngati mvula.

"Duwa langa, netiweki ikhoza kuthawa, koma ine sindidzakuthawa."

"Ndimakhala ndekhandekha, nyumba ikudikira iwe. Tikangomaliza sukulu, ndikaonekera kwanu."

"Mwana iwe, ukumwetulira chiyani pa fonipo?" amayi ake ankafunsa, singano ili pakamwa.

"Ndi sukulu, amayi!"

Linafika tsiku loti aliyense afotokoze kafukufuku wake pa kamera ali kwawo. Anayamba ndi Katswiri, atatchena ndi tayi. Mtsikana mtima unali dyokodyoko. Mwamuna wake wamawa si ameneyo?

Mwadzidzidzi chitseko cha kumbuyo kwa Katswiri chinatseguka. Kamwana kanathamanga n'kumukwera pamiyendo.

"Adadi! Adadi!"

Kenako panatulukira mayi woyembekezera. "Pepani bambo ake, wandipulumuka," anatero, nanyamula mwanayo, n'kuwakonzera amuna ake kolala.

Mtsikana m'maso munada. Ndekhandekha uja ndi ameneyu?

"Wotsatira!" anaitana aphunzitsi. Inali nthawi ya mtsikana uja.

Foni inanjenjemera: "Duwa langa, ndikufotokozera." Anaivundikira pa tebulo, napukuta misozi ndi kansalu kotsala posoka, n'kuyatsa kamera. Mawu anayamba monjenjemera, kenako anakhazikika. Mafunso onse anayankha mosadodoma.

"Mwamuona mnzanuyu? Kukonzeka kumeneko!" anatero aphunzitsi.

Kalasi itangotha, Katswiri anaimba.

"Wokondedwa, tandimvera kaye..."

"Bambo ake," anamudula mawu, "zikomo pondiphunzitsa kompyuta. Mawu okomawo kawauzeni akazi anu, akuwasowa kuposa ine."

Anadula foni, nakagwera pamiyendo pa amayi ake, n'kuyamba kulira.

"Lira mwanangu, misozi sipha," anatero amayi akumusisita kumsana. "Nanga sukuluyo uzitha wekha?"

Anadzutsa mutu, maso ali psuu.

"Ndizitha, amayi. Mawa ndili ndi kalasi m'mamawa, mudzandidzutse."